Mtima Ukathawa Pabwalo

Mwana akaphonya penate timathamangira kunena kuti mwendo wamukanika. Kawirikawiri vuto limakhala mtima: thupi lili pabwalo koma maganizo ali kwa anthu amene akumukuwiza.

Mu 1993 Phil Jackson, mphunzitsi wa timu ya basketball ya Chicago Bulls ku America, anaitana George Mumford kuti aziphunzitsa osewera kukhala chete, kumvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka, ndipo maganizo akasokera, kuwabweza mosadzikalipira. Timuyo inatenga ukatswiri wa ligi ya NBA mu 1996, 1997 ndi 1998. Inde, munali Michael Jordan. Tisanamizane kuti kupuma kokha ndiko kunapambana.

Kubweza mtima si kwachilendo kwa ife Asilamu. Ndani sanaiwalepo kuti ali pa rakaa yachingati chifukwa cholingalira za ukonde wong'ambika? Khushuu ndi nkhondo yomweyo, ngakhale kuti Swala ndi ya Allah yekha, si mankhwala otengera chikho.

M'ligi yomweyo munali Hakeem Olajuwon wa Houston Rockets, Msilamu wobadwira ku Lagos, amene sankasiya swaumu ngakhale patsiku la masewero. Mu Febuluwale 1995, m'kati mwa Ramadhani, anamusankha kukhala wosewera wopambana onse m'mwezi umenewo.