Kodi Mumadziwa? Chisanu Chimaphulitsa Mapaipi a M'kalavani

Madzi amaundana kukazizira kufika pa madigiri 0, ndipo akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Kufufumako n'kokwanira kung'ambula paipi, pampu kapena mpope. N'chifukwa chake ku Canada ndi kumpoto kwa United States eni makalavani okokedwa ndi galimoto amachotsamo madzi onse chisanu chisanafike.

Choyamba amazimitsa thanki yotenthetsera madzi n'kudikira kuti izizire. Kenako amakhuthula matanki onse: ya madzi akumwa, ya madzi otsukira ndi kusamba, komanso ya kuchimbudzi. Amatsegula mipope yonse ndi timabowo ta pansi pa kalavani kuti madzi atsike okha. Otsalira m'makona a mapaipi amawatulutsa ndi mpweya wa kompuresa, koma osati wamphamvu kwambiri, kuopa kuphulitsa molumikizira.

Akatero amapopera m'mapaipimo mankhwala apinki oletsa madzi kuundana, ambiri mwa iwo opangidwa ndi propylene glycol. Amayamba atseka njira yopita ku thanki yotenthetsera ija, poti yokha ingameze malita oposa 20. Mpope uliwonse amausiya wotsegula mpaka utayamba kutulutsa zapinki, ndipo mankhwala ena amawathira m'sinki ndi m'chimbudzi, momwe madzi amatsalira pokhota paipi.

Mankhwala a m'rediyeta ya galimoto saloledwa pa ntchitoyi, chifukwa ambiri ali ndi ethylene glycol, yemwe ndi poizoni. Chisanu chikatha, mapaipi amatsukidwa ndi madzi oyera anthu asanayambenso kumwa.