Kavalidwe ka Mayi Wathupi pa Nkhomaliro ya M'tauni

Nkhomaliro ya m'tauni, kutanthauza chakudya cha masana chimene anthu amaitanirana ku hotela kapena ku malo odyera olemekezeka kuti akambirane za ntchito, za bungwe, za mpingo kapena za ukwati wa mwana, ndi mwambo umene masiku ano wafika ngakhale kwa amayi a m'madera monga Mauwa m'boma la Chiradzulu, pakuti bomali lachita malire ndi Blantyre, ndipo aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi atsogoleri a magulu a amayi a kumeneko amaitanidwa ku Limbe kapena pakati pa mzinda. Kwa mayi wathupi wa zaka zapakati, ndiye kuti wodzadza thupi amene zaka zake zili pakati pa 40 ndi 60, kuitanidwa kotereku kumadza ndi nkhawa ya chovala, popeza masitolo ambiri amadzaza zovala za atsikana, ndipo uphungu umene amaumva kawirikawiri ndi woti abise thupi lake m'chinsalu chachikulu chakuda. Uphungu umenewu ndi wolakwika, chifukwa chimene chimakongoletsa mayi wathupi si chovala chomubisa koma chomukwana, chosokedwa potsata miyeso yake yeniyeni, ndipo mayi wa kumudzi amene anazolowera kale kusoketsa kwa telala ali ndi mwayi umene ambiri ogula zosokasoka m'sitolo alibe.

Kusoka ndi kutchena si zachilendo m'boma la Chiradzulu. Pamene John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, iye ankaona kuvala bwino ngati njira imodzi imene munthu wakuda akanasonyezera kuti ndi wofanana ndi wina aliyense, ndipo zithunzi zakale zimaonetsa iyeyo ndi banja lake atavala mwaudongo. Emma DeLany, mmishonale wachikuda wa ku America amene anafika pa mishoniyi mu 1902, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka, ntchito imene Ida, mkazi wa Chilembwe, anaigwiranso. Motero mayi wa ku Mauwa akakhala pa khonde la telala n'kumaloza mmene akufunira kuti kolala idulidwe, akupitiriza chizolowezi chimene chakhala m'boma lake zaka zoposa 120.

Ufulu wosankha chovala nawonso uli ndi mbiri yake. Mu 1973 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, limene linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osafika m'munsi mwa mawondo, ndipo lamuloli linachotsedwa mu 1993 pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Amayi amene lero ali ndi zaka 50 anakula pansi pa lamulo limeneli, n'chifukwa chake ambiri mwa iwo amamasuka m'chovala chachitali, pomwe ana awo amaona thalauzi ngati chinthu wamba. Mu Januwale 2012, mavenda ena a ku Lilongwe ndi ku Blantyre atavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ndipo patapita miyezi itatu Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko, n'kumaonekera pa misonkhano ya maiko atavala chitenje chosokedwa bwino ndi duku kumutu. Chimene mayi wa zaka zapakati angatolepo pa mbiriyi ndi chakuti thalauzi ndi lololedwa, chitenje ndi cholemekezeka pa tebulo lililonse, ndipo kusankha pakati pa ziwirizi ndi kwake.

Posankha, choyamba kuganizira ndi mtundu wa mwambowo. Nkhomaliro ya ku hotela monga Mount Soche kapena Ryalls si ukwati ndiponso si phwando la usiku, kotero nsalu zonyezimira kwambiri, malesi olemera ndi mikanda yochuluka zimaoneka zopitirira muyeso dzuwa lili paliwombo. Komanso si ulendo wa kumsika, kotero chitenje chongomanga m'chiuno pamwamba pa siketi chimachepetsa ulemu wa malowo. Chovala choyenera chili pakati pa ziwirizi, ndipo chingakhale diresi lofika pakati pa bondo ndi kakolo, siketi ndi bulauzi zosokedwa ku nsalu imodzi monga chilundu chimene amayi a ku Malawi amachidziwa kuyambira kale, kapena thalauzi la mtundu umodzi lotsika mowongoka lovalira ndi malaya a chitenje ofika m'munsi mwa mbina.

Nsalu ndiyo maziko a zonse. Chitenje chodinda maluwa chimene chafala mu Africa muno chinachokera ku luso la batik la pa chilumba cha Java ku Indonesia, limene ndi kupaka phula pa nsalu musanainyike mu utoto kuti malo opakidwawo asalowe mtundu, ndipo makampani a ku Netherlands monga Vlisco ndi amene anayamba kupanga nsalu zotere ndi makina n'kumazigulitsa kumadzulo kwa Africa. Kuno kwathu fakitale ya David Whitehead, imene lero imadziwika ndi dzina la Mapeto, yakhala ikupanga nsalu ku Blantyre kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ngakhale kuti zitenje zambiri za mu msika wa Limbe zimachokera kunja. Kwa mayi wathupi, funso lalikulu ndi lakuti nsaluyo ndi ya thonje kapena ya polyester, umene ndi ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Thonje limamwa thukuta ndi kulola mpweya kudutsa, pomwe polyester amasunga kutentha ndipo amamatirira pa khungu, chinthu chosautsa kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kwa mayi amene wayandikira nthawi yosiya kusamba ndipo thupi limamutentha mwadzidzidzi. Chitenje chowala ndi cholimba ngati pepala pa shelefu chingathe kukhala chikomekome cha mkuyu, popeza kulimbako nthawi zina kumakhala kwa sitachi amene amachoka pa kuchapa koyamba. N'chifukwa chake wogula wanzeru amafikisa ngodya ya nsaluyo pakati pa zala ndi kuyang'ana kuseri kwake, ndipo ngati mtundu walowa mbali zonse ziwiri mofanana, amadziwa kuti utotowo si wongopaka pamwamba. Nsalu ya thonje ichapidwe ndi kusitidwa isanapite kwa telala, chifukwa imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo chovala chimene chinakwana bwino pa tsiku loyesa chingathe kuthina pambuyo pake.

Kuchuluka kwa nsalu ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kupulumutsa ndalama. Chitenje chimodzi chimakhala cha mayadi awiri, yadi imodzi ili pafupifupi masentimita 91, ndipo mpukutu wogulitsidwa kawirikawiri umakhala wa mayadi asanu ndi limodzi. Mayi wathupi amene akufuna siketi, bulauzi ya manja ndi duku achita bwino kugula mpukutu wonse, chifukwa telala wopatsidwa nsalu yoperewera amakakamizika kulumikiza zidutswa, kutembenuza maluwa kuti ena aziyang'ana m'mwamba ena pansi, ndi kusiya msoko wopanda malo owonjezera. Chiphunzitso choti munthu wathupi asavale maluwa aakulu chilibe maziko olimba. Chofunika ndi malo amene duwalo lagwera, ndipo telala waluso amayala nsalu pa tebulo n'kuisuntha kufikira ataona kuti chizungulire chachikulu sichigwera pa bere, pa mimba kapena pakati pa mbuyo.

Pa kuyesa thupi m'pamene chovala chimakomera kapena kuonongekera. Mayi apite kwa telala atavala zam'kati zomwezo zimene adzavale pa tsikulo, makamaka bra yomukwana, popeza bra yotha mphamvu imatsitsa chifuwa n'kufupikitsa mpata wa pakati pa chifuwa ndi chiuno, ndipo diresi losokedwa pa miyeso imeneyo silikhala bwino. Tepi idutse pa mapewa, pa chifuwa, m'chiuno, pa mbina ndi pa mkono pamene pali ponenepa kwambiri, mayiyo ataima momasuka osakoka mimba, chifukwa kunamiza tepi ndi kudzinamiza wekha. Mapewa ndiwo ofunika koposa, pakuti msoko wa phewa ukatsikira pa mkono munthu amaoneka wotopa ndi wamkulu kuposa mmene alili, pomwe msoko wokhala pa fupa penipeni umaimika chovala chonse. Khosi lodulidwa mosongoka pang'ono kutsogolo limatalikitsa khosi la munthu, manja othera m'munsi mwa chigongono amaphimba mkono osautentha, ndipo siketi yoyamba kutambasuka kuchokera pamwamba pa chiuno imatsika mosakakamira pa mimba. Popeza nkhomaliro imadyedwa chokhala, chovalacho chiyesedwenso chokhala: mayi akhale pa benchi ya telalayo, atambasule manja ngati akulandira mbale, aone ngati mabatani a pa chifuwa sakuyasama, ngati zipi sikuluma, ndiponso ngati siketi sikukwera kupitirira pamene iye amamasuka.

Kaunjika, amene ndi zovala zovalidwapo kale zobwera m'mabelo kuchokera ku maiko akunja, ndi gwero lina labwino, makamaka la majekete ndi mathalauzi a nsalu zolimba zimene m'sitolo zimakwera mtengo. Pamenepa nambala yolembedwa pa kolala isakhulupiridwe, chifukwa maiko amawerenga mosiyana, moti chovala cholembedwa 14 ku America chimafanana kukula ndi cholembedwa 18 ku Britain. Mayi anyamule tepi kapena chingwe chomangidwa mfundo pa miyeso yake, agule chovala chokwana pamalo pamene thupi lake ndi lalikulu kwambiri, kenaka apite nacho kwa telala kuti achepetse pamene pakhwepa, popeza kuchepetsa chovala n'kosavuta koma kuchikulitsa sikutheka kawirikawiri. Jekete la mtundu umodzi lothera pamwamba pa mbina, lovalidwa losamanga mabatani pamwamba pa diresi la chitenje, limathandiza kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni, mphepo yozizira yodza ndi nkhungu ndi mvula yowaza, chimakuta mapiri a Chiradzulu ndi Blantyre.

Zokometsera zisapikisane ndi nsalu. Ngati chitenje chili ndi mitundu yambiri, nsapato ndi chikwama zitenge mtundu umodzi mwa imeneyo, ndipo ndolo zooneka bwino ndi wotchi zingakwanire popanda mkanda. Ngati chovala ndi cha mtundu umodzi, pamenepo mkanda waukulu kapena duku la maluwa lipeza malo. Duku lomangidwa mokweza pang'ono limawonjezera msinkhu ndi kukokera maso a anthu ku nkhope, kumene ndi kumene wolankhula naye ayenera kuyang'ana. Nsapato ikhale ya chidendene chachifupi ndi chotambalala, ndipo igulidwe madzulo, popeza mapazi amatupa pang'ono tsiku likamapita ndipo nsapato yoyesedwa m'mawa ingathe kuluma masana.

Chimene mabuku a mafashoni a kunja saganizira ndi ulendo weniweniwo. Mayi wochokera ku Mauwa amakwera njinga yamoto ya kabaza kapena minibasi yodzaza, m'fumbi la chilimwe kapena m'matope a dzinja, ndipo pano chitenje chachikale chimagwira ntchito yake yakale: amachikulunga pamwamba pa chovala chabwino kuyambira pa khomo mpaka ku Limbe, n'kuchipinda ndi kuchilowetsa m'chikwama akatsika. Nsapato zabwino zimayenda m'jumbo pomwe mapazi ali m'nsapato za ulendo, ndipo kunyamuka msanga kumapatsa mayi mpata wopukuta nkhope, kukonza duku ndi kupuma asanalowe, kuti asafike pa tebulo ali wefuwefu. Chovala chisitidwe dzulo lake, ndipo ngati simbi ndi ya makala, chisitidwe chotembenuza kuti phulusa kapena kamoto kasaononge kumaso kwa nsalu.

M'chikhalidwe cha kuno, kudzadza thupi kwakhala kukuonedwa ngati chizindikiro cha mtendere ndi kusamalidwa bwino, pomwe zithunzi za pa intaneti ndi pa kanema zikuphunzitsa mbadwo watsopano kuti kukongola ndi kuonda, ndipo mayi wa zaka zapakati ali pakati pa ziphunzitso ziwirizi. Za kulemera kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndi nkhani zofunika zimene ayenera kukambirana ndi achipatala, koma sizimulanda ufulu wovala bwino lero, pa thupi limene labereka ana, lalima minda ndi kusenza mitolo. Womuitana ku nkhomaliro akufuna nzeru zake ndi mawu ake, ndipo ntchito ya chovala chomukwana ndi kumumasula kuti asamakoke siketi kapena kugwira batani pamene anzake akukambirana, koma akhale tsonga, adye momasuka, ndi kunena zimene wadzera kuchokera ku Mauwa.