Kodi Mwana Wathu Adzapeza Malo ku Yunivesite?

Chaka ndi chaka, bungwe la mayeso la MANEB likalengeza zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'nyumba zambiri za m'dziko muno mumakhala chimwemwe chosaneneka. Mwana wakhoza bwino, nkhuku yaphedwa, ndipo abale ayamba kale kumutchula dokotala. Koma ikapita miyezi ingapo, pamene maina a osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede atuluka, m'nyumba zina mwa zomwezo mumalowa chisoni, pakuti dzina la mwanayo palibe, chonsecho mnzake amene mapointi ake sanali okongola chotero watengedwa. Pamenepo makolo amayamba kunong'onezana kuti pachitika chinyengo, ndipo mwanayo amataya mtima. Nkhani imeneyi ikukhudza inu aphunzitsi ndi inu antchito a Boma koposa ena onse, chifukwa ndinu amene anthu amathamangirako akafuna kufunsa nzeru. N'chifukwa chake lero tafuna kuti tiifotokoze bwino lomwe.

KUMENE TACHOKERA

Tisaiwale kuti dziko lino linakhala zaka zambiri lopanda yunivesite yakeyake. Sukulu ya sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya Dedza mu 1951. Mnyamata amene anafuna maphunziro akuya masiku amenewo anayenera kutuluka m'dziko: Orton Chirwa ndi Henry Chipembere anakaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, ndipo Kanyama Chiume anapita ku Makerere ku Uganda. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, nilandira ophunzira ake oyamba, pafupifupi 90, ku Chichiri mu 1965.

Lero Boma lili ndi mayunivesite asanu ndi imodzi. Ya Mzuzu inayamba kuphunzitsa mu 1999. Ya zaulimi ya LUANAR, imene likulu lake ndi Bunda, inaima payokha mu 2012. Ya sayansi ndi luso ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu, kukhala UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, ndi KUHeS ya zaumoyo imene ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumeneku ndi kupita patsogolo kwenikweni. Komatu ana nawonso achuluka, makamaka chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994. Mu 2023 olemba mayeso a Fomu 4 anaposa 150,000, ndipo okhoza anapitirira theka pang'ono. Malo a m'mayunivesite onse asanu ndi imodzi sangafike n'komwe pafupi ndi chiwerengero chotere. Chotero ngakhale mwa ana amene akwanitsa zonse zofunika, alipo ambiri amene amatsala chaka chilichonse.

Kasankhidwe nakonso kasintha. Panali nthawi imene malo ankagawidwa potsata boma limene mwana akuchokera, njira imene anthu ankaitcha kota. Inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bwalo lalikulu la milandu linaikana mu 1993, inabwereranso mu 2009, ndipo Boma linaithetsa mu 2020. Tsono kholo limene likuwerengerabe mwayi wa mwana wake potchula boma la kwawo likuyenda ndi nzeru ya dzana.

MAPOINTI NDI KHOMO CHABE

Aphunzitsi akudziwa kuti pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 kulekeza 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza koposa, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amatchula ndiwo magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, ataphatikizidwa pamodzi. N'chifukwa chake wa mapointi 6 ndiye katswiri. Kuti mwana aganiziridwe malo ku yunivesite ya Boma, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa iyo ikhale ya Chingerezi. Kusankhako kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Makirediti asanu ndi imodziwo amangomufikitsa mwana pakhomo. Kuti alowe, ayenera kupikisana ndi anzake onse amene apempha maphunziro omwewo, ndipo maphunziro aliwonse ali ndi zofuna zake. A udokotala amayang'ana Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. A uinjiniya amayang'ana kwambiri Masamu ndi Fizikisi. A ziyankhulo ndi mbiri amayang'ana kwina.

Tiyeni tiyerekeze ana awiri amene onse akufuna uinjiniya. Woyamba ali ndi mapointi 16: Chichewa 1, Baibulo 1, Chingerezi 2, Histole 2, Masamu 5, Fizikisi 5. Wachiwiri ali ndi mapointi 18: Masamu 1, Fizikisi 2, Kemisitiri 2, Chingerezi 4, Jogalafe 4, Chichewa 5. Kumudzi adzati woyambayo ndiye wapambana, pakuti mapointi ake ndi ochepa. Koma pa maphunziro amene uinjiniya umafuna, wachiwiriyo ali patsogolo kutali. Woyamba uja akalemba uinjiniya wokhawokha pa fomu yake, akhoza kutsala pakhomo, pomwe akanapempha maphunziro a uphunzitsi wa ziyankhulo kapena a mbiri akanaima pabwino ndithu. Pamenepa palibe wamubera malo. Wagogoda pakhomo losayenera mphatso zake.

KULEMBA FOMU MWANZERU

Cholakwa chachikulu chimene ana amachita ndicho kudzaza mizere yonse ya fomu ndi maphunziro otchuka okhaokha. Udokotala, zamankhwala, unamwino, uinjiniya ndi kuwerengera ndalama ndi maphunziro amene aliyense amawalakalaka, ndipo malo ake amadzaza ndi ana a magiredi apamwamba zedi. Mwana wa mapointi apakatikati akaika maina amenewa kuyambira pamwamba mpaka pansi, wataya mwayi wake wonse nthawi imodzi. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Njira yanzeru ndiyo kugawa zosankhazo patatu. Poyamba mwana alembe chimene mtima wake ukufunitsitsa, malinga ngati wakwanitsa maphunziro ofunika pamenepo, ngakhale mpikisano wake ndi woopsa. Kenaka alembe maphunziro amene magiredi ake akufanana ndi a ana amene anatengedwa zaka zapitazo. Potsiriza aike amene anthu sawathamangira kwambiri koma iye angawaphunzire ndi mtima wonse. Tikunenetsa mawu akuti ndi mtima wonse, chifukwa kulemba maphunziro amene mwana sakuwafuna konse, pongofuna kuti dzina lituluke m'nyuzi, ndiko kumutumiza kukavutika zaka zinayi, kapena kukachotsedwa chaka choyamba chisanathe.

Ndiponso ana ambiri sadziwa kuchuluka kwa maphunziro amene alipo. Mwana wokonda Bayoloje amangodziwa udokotala basi, osadziwa kuti ku LUANAR kuli udokotala wa ziweto, ulimi wa nsomba ndi maphunziro a zakudya zopatsa thanzi, kapena kuti ku Mzuzu kuli maphunziro a zankhalango ndi a kuyeza maso. Wokonda Masamu ndi Fizikisi amangoganiza za MUBAS, osadziwa kuti ku MUST amaphunzitsa za nyengo, za miyala ya pansi pa nthaka ndi za kuyenga zitsulo. Dziko laulimi ngati lathu, limene chuma chake chimadalira mvula, nthaka ndi nyanja, likusowa anthu amenewa monga momwe likusowera madokotala.

Zofunika pa maphunziro aliwonse zimalengezedwa pamodzi ndi fomu chaka chilichonse, ndipo zimatha kusintha. Mphunzitsi asalangize mwana potengera zimene zinalipo iye ali pasukulu. Awerenge chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, ali pamodzi ndi mwanayo.

M'MERA MPOYAMBA

Kunena zoona, mwayi wa mwana suyamba tsiku lolemba fomu. Umayamba polowa Fomu 3, pamene amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso. Mwana amene wasiya Fizikisi kapena Kemisitiri chifukwa anzake amuopseza kuti ndi zovuta, wadzitsekera yekha makomo a udokotala ndi uinjiniya zaka ziwiri mayeso asanafike, ndipo kawirikawiri palibe amene amamuuza zimenezi. Atsikana ndiwo amagwa kwambiri m'mbuna imeneyi, chifukwa cha bodza lakale lakuti Masamu ndi a anyamata. Chimodzimodzinso mwana amene amanyozera Chingerezi: angakhoze maphunziro ena onse ndi giredi 1, koma akapeza 7 pa Chingerezi, fomu yake siiwerengedwa.

Pamenepa tiyenera kukumbukira ana a m'sukulu za sekondale zoyendera za m'midzi, za CDSS, zimene ndizo zochuluka m'dziko muno. Zambiri mwa izo zilibe zipinda zoyeseramo za sayansi, mabuku ndi ochepa, ndipo kumeneko nkhani za fomu zimafika mochedwa kapena mwa mphekesera. Mwana wa m'tauni ali ndi mkulu wake kapena amalume amene anadutsa ku koleji; mwana wa kumudzi ali ndi mphunzitsi wamkulu wake yekha. Ngati mphunzitsiyo sakhala naye pansi, ndani adzatero? Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuona mwana amene wakhoza mayeso powerenga ndi nyali ya koloboyi akutaya malo chifukwa cha fomu yolembedwa mosadziwa, kapena yotumizidwa tsiku litapita kale.

NDALAMA NDI NJIRA ZINA

Posankha sukulu, banja liganizirenso za thumba. Kusankhidwa sikutanthauza kuti zonse ndi zaulere: pali fizi, chakudya, ndi malo ogona, pakuti ophunzira ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu. Kuyambira mu 2015 kuli bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'sukulu za ukachenjede. Koma makolo adziwe kuti imeneyi ndi ngongole, yoyenera kupemphedwa pa nthawi yake ndi kubwezedwa mwana akayamba ntchito, kuti ena am'mbuyo adzathandizikenso.

Tsono mwana amene dzina lake silinatuluke asayese kuti dziko latha. Alipo makoleji a uphunzitsi a Domasi ndi Nalikule, ndi ena ophunzitsa aphunzitsi a pulaimale. Ilipo Malawi College of Health Sciences, ndi sukulu za anamwino za mipingo monga za ku Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo. Zilipo sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Livingstonia, kumene kumatuluka amisiri a magetsi, a galimoto ndi omanga nyumba, anthu amene sagona ndi njala. Aliponso mayunivesite a mipingo, monga ya Livingstonia imene inayamba mu 2003 ndi ya Katolika ya ku Nguludi imene inayamba mu 2006. Ndipo ambiri amene lero ali ndi madigiri anayamba ndi dipuloma, nagwira ntchito zaka zingapo, nalowa ku yunivesite atakula kale.

Chenjezo lathu ndi limodzi. Musanapereke ndalama ku koleji iliyonse imene si ya Boma, funsani ngati kolejiyo, ndiponso maphunziro enieniwo amene mwana akufuna, ndi ovomerezedwa ndi bungwe la NCHE. Chikwangwani chokongola cha pamsewu si umboni. Kholo likhoza kugulitsa ng'ombe ndi kulipira zaka zinayi, mwana n'kutuluka ndi pepala limene olemba ntchito salizindikira. Safunsa anadya phula.

UDINDO WATHU

Malo a ku yunivesite sadzakwanira onse chaka chino kapena chamawa, ndipo palibe mphunzitsi amene angawachulukitse ndi choko chake. Koma chilipo chimene aliyense wa ife angachite popanda kudikira ndalama za Boma. Mphunzitsi wamkulu apatule tsiku limodzi pa teremu loti ana a Fomu 2 ndi makolo awo amve za maphunziro amene ntchito iliyonse imafuna. Zotsatira zikatuluka, aitanenso ana amene akhoza, aone magiredi a aliyense phunziro ndi phunziro, ndi kumuuza zoona, ngakhale zoonazo zikhale zowawa. Nanunso a m'maofesi a Boma, alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi akalaliki a kwa DC, mukapita kumudzi pa tchuthi musangofunsa kuti mwana wapeza mapointi angati. Mufunseni kuti wapeza chiyani pa Masamu, wapeza chiyani pa Chingerezi, ndipo pa fomu walembapo chiyani.