Musanagule kamera ya vidiyo, yambani mwaimvera

Achinyamata amene amafika pa kashopu kanga pa Chitakale amabwera ndi funso limodzi: "Achimwene, kamera ya 4K yotchipa ndingaipeze kuti?" Ine ndimawabwezera funso: mukufuna kukajambula chiyani, ndipo kanemayo anthu adzamuonera pa chiyani? Ambiri amangoseka, poti m'mutu mwawo muli nambala imene anaiona pa Facebook, osati ntchito imene ikuwadikira.

Ntchito ya wojambula vidiyo kuno ku Mulanje ndi yodziwika. Loweruka ndi maukwati ndi zinkhoswe. M'kati mwa sabata kwaya ya Mvano ikufuna nyimbo zake zioneke pa kanema, banja lina likuvundukula chiliza, bungwe lina likufuna umboni wa nyumba ndi mijigo imene lamanga chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pa chaka pamabweranso masiku akuluakulu, monga mpikisano wa Porters Race pa Likhubula ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala. Ntchito zimenezi zimatenga tsiku lonse, zambiri zimachitikira m'nyumba za mdima, phokoso limachuluka, soketi ya magetsi imakhala kutali, ndipo palibe zoti "tabwerezani". Mkwatibwi amalumbira kamodzi.

Makamera oyenera ntchito yotere ndi aja a pakatikati: oposa timakamera ta m'manja tojambulira ana pa Khrisimasi, koma osafika pa zimphona za mu situdiyo ya wailesi ya kanema. Mu 2004 Sony inatulutsa kamera ya mtundu umenewu yotchedwa HDR-FX1, imene inkajambula zithunzi za HD pa katepi ka MiniDV. Amene tinayamba ndi matepi timakumbukira: tepi imodzi mphindi 60, ndiye ulaliki umaumvetsera mwatcheru kuti usinthe tepi abusa akamapuma. Mu 2006 Sony ndi Panasonic anagwirizana njira yosungira kanema yotchedwa AVCHD, ndipo m'zaka zotsatira matepi anasiyira malo makhadi. Mayina amene mungakumane nawo lero, atsopano kapena ogwirapo kale ntchito, ndi monga Sony HXR-NX100, Sony HXR-MC2500, Canon XA11 ndi Panasonic HC-X2000.

Ine akandipatsa kamera kuti ndiiyese, ndimayamba ndi makutu. Anthu amakhululuka chithunzi chikada pang'ono, koma sakhululuka akalephera kumva malumbiro, kapena mawu a ankhoswe akamira m'phokoso la ana. Kwaya ndiye musanene. Mayikolofoni ya pa kamera imatola chilichonse chimene chili pafupi nanu: kupuma kwanu, jenereta kuseri kwa holo, mvula pamalata. Mvula ya ku Mulanje ikamenya malata a tchalitchi, mlaliki amangooneka kuyasama. Mankhwala ake ndi kutenga mawu molunjika kuchokera pa mikisa ya a DJ kapena ya tchalitchi, ndipo apa m'pamene mabowo awiri a XLR, aja a mapini atatu, amasiyanitsa kamera ya ntchito ndi choseweretsa. Nthambo ya XLR imakhoma ikalowa, siizuka yokha, ndipo imayenda mamita ambiri osatola kulira kwa magetsi. Bowo limodzi ndimalumikiza ku mikisa. Linalo ndimasiyira mayikolofoni ya pamwamba pa kamera kuti itole nthungululu ndi kuwomba m'manja, zimene mikisa siimva. Pokonza kanema ndimasakaniza ziwirizo.

Onaninso ngati pambali pa mabowowo pali kaswitchi kolembedwa LINE, MIC ndi +48V. Mawu ochokera pa mikisa ndi amphamvu. Mukawalowetsa pa MIC amang'ambika, ndipo mawu ong'ambika palibe kompyuta imene ingawasoke. 48V ija ndi magetsi amene kamera imapatsa mamayikolofoni ena osayendera batire. Pafunikanso timagudumu tokwezera ndi kutsitsira mawu ndi chala, chifukwa a DJ athu, nthawi ya perekani-perekani ikakwana, amakankha chilichonse mpaka pofiira. Bowo la mahedifoni lisasowe. Wojambula wopanda mahedifoni m'makutu akungoyendera mwayi, ndipo adzadziwa kuti nthambo inali yakufa atafika kale kunyumba.

Apa ndinene za MC2500, kamera imene a komiti ya ukwati amaikonda kuposa ife ojambula. Ndi yaikulu, ya paphewa, ndipo ukalowa nayo mu holo anthu amapatuka okha. "Eya, awa ndiye ojambula enieni," amatero a tcheya. Ulemu umenewo umabweretsa ndalama, sindikana, ndipo phewa limathandiza kuti chithunzi chisanjenjemere. Koma m'kati mwa chithupi chonsecho muli sensa yaing'ono, pafupifupi kota ya inchi, ndipo XLR mulibe. Amene ali nayo kale ndimawalangiza kugula karekoda ka mawu kapadera, monga Zoom H4n, n'kukalumikiza ku mikisa.

Sensa ndi kachipangizo ka kuseri kwa lenzi kamene kamalandira kuwala. Ili ngati beseni lotchera madzi a mvula: lalikulu limakola ambiri pa nthawi yomweyo. NX100, imene inatuluka mu 2015, ili ndi sensa ya inchi imodzi, pomwe XA11 ya 2017 ili ndi ya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi. Panja masana kusiyana kwake simungakuone. Koma lowani m'tchalitchi cha kumudzi cha mazenera ang'onoang'ono kunja kuli Chiperoni, kapena mu holo magetsi atazima cha m'ma 5 koloko. Pamenepo kamera ya sensa yaing'ono imadzaza chithunzi ndi timadontho tonyerenyetsa m'maso, ndipo nkhope zathu zakuda ndi zimene zimayamba kutayika. Ukwati pawokha ndi mayeso ovuta: diresi loyera mbee pambali pa suti yakuda bii. Kamera mukaisiya kuti iziganiza yokha, imateteza diresi n'kudetsa nkhope ya mwini diresiyo. N'chifukwa chake ndimafuna kamera yoti kuwala ndizitsegula ndi kutseka ndi dzanja, osati kufufuza m'menyu akwati akulowa kale. NX100 ili ndi mphete zitatu pa lenzi: ya fokasi, ya zumu ndi ya kuwala.

Mukatuluka m'tchalitchi kupita kukajambula m'minda ya tiyi, vuto limatembenuka: dzuwa lachuluka, thambo ndi phiri zikuyera n'kusowa m'chithunzi. Apa pafunika fyuluta ya ND, kagalasi kakuda ka m'kati mwa kamera kamene mumakatsitsa ndi switchi. NX100 ndi X2000 zili nayo switchi imeneyi. Za m'mindamo, chonde pemphani chilolezo kwa eni esiteti tsiku lisanafike, alonda angakuchititseni manyazi pamaso pa akwati.

Za zumu nkhani ndi yaifupi. Werengani nambala yolembedwa kuti optical, imene ndi kukoka kwenikweni kwa magalasi: 12 pa NX100, 20 pa XA11, 24 pa X2000. Pa Chonde ovina tchopa, gule amene UNESCO inamuika m'kaundula wake mu 2014, amakhala pakati pa bwalo inu mutatsekeredwa kuseri kwa chingwe, ndipo 20 kapena 24 amakupulumutsani. M'nyumba yothinana ya chinkhoswe chofunika ndi china: lenzi yotambasuka yoti mbali zonse ziwiri za banja zikwane. Nambala zija za 500 kapena 800 ndi kungofufumitsa chithunzi mpaka chisweke. Chimodzimodzi timakamera topanda dzina todzaza pa intaneti, tolembedwa 4K ndi 48MP pa mtengo wa foni yotchipa: ndalama zanu zisapite kumeneko.

Pali msampha wina umene wakola ambiri oitanitsa kamera kunja. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo kanema wathu amayendera zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Makamera opangidwira msika wa America ndi Japan amajambula 30 kapena 60. Mukajambula nawo pansi pa machubu kapena mababu ena a LED, chithunzi chimaphethira kapena kuyenda mizeremizere. Ena amalola kusintha pakati pa 50 ndi 60, ena ayi. Ochokera ku South Africa kapena ku Britain nthawi zambiri ndi a 50, komabe tsegulani menyu muone ngati muli 25p, 50i kapena 50p.

Tsopano 4K ija. Full HD ndi madontho 1920 kuchulukitsa ndi 1080. 4K ndi 3840 kuchulukitsa ndi 2160, kuwirikiza kanayi. Zimamveka bwino mpaka mutawerengera katundu wake. AVCHD yapamwamba, ya 28 Mbps, imadya pafupifupi 13 GB pa ola, ndiye khadi ya 64 GB imakutengerani maola pafupifupi asanu. 4K ya 100 Mbps imadya 45 GB pa ola: khadi yomweyo yadzaza ulaliki usanathe bwino. Kenako laputopu yanu iyenera kusenza zonsezo, magetsi akubwera ndi kupita. Nanga kasitomala? Alandira fulashi yokaonera pa TV ya pabalaza, wina akufunabe DVD, imene imangonyamula madontho 720 kuchulukitsa ndi 576, ndipo kachidutswa kotumiza kwa achibale ku Joni WhatsApp ikafinya. Sindikuti 4K n'njachabe. Imakulolani kudula chithunzi pokonza osataya kuoneka bwino kwake, ndipo mabungwe ena akunja amaifuna. Ngati makasitomala anu ndi amenewo, X2000 imajambula 4K. Koma kwa wojambula maukwati a ku Limbuli, Nkando ndi Chisitu, HD yoyera ndi mawu omveka zimaposa 4K ya mdima.

Mabatire ndi amene amalamula kuti muweruka nthawi yanji. NX100 ndi MC2500 zimagwiritsa mabatire a NP-F, monga NP-F970, amene ndi osavuta kupeza ndipo amayendetsanso magetsi ambiri a LED ojambulira. Musanakonde kamera iliyonse, funsani kuti batire yake yachiwiri ndi yachitatu mudzaipeza kuti, pa mtengo wanji. Funani kamera ya malo a makhadi awiri yoti izilemba pa onse nthawi imodzi. Makhadi achinyengo ali mbwee, olembedwa 128 GB kunja koma m'kati muli kachigawo chabe, ndipo khadi yotere imafa mwakachetechete. Ukwati wa munthu ukatayika pa khadi, kubweza ndalama sikuthetsa mlandu.

Mdani amene ogulitsa ku Johannesburg ndi ku Dubai sangakuuzeni ndi chinyezi. Mvula imene imameretsa tiyi wathu ndi yomweyo imameretsa chuku m'kati mwa lenzi. Chimayamba ngati timizu toyera m'mbali mwa galasi, n'kumafalikira mpaka chithunzi chonse chitachita chifunga, ndipo pa makamera awa lenzi siichotsedwa kuti muike ina. Kamera isagone m'chikwama chonyowa. Ine yanga imagona m'chigoba cha pulasitiki chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene ndimatiumitsa pafupipafupi. Mukakwera nayo kuphiri, ku Chambe kapena ku Lichenya, ikhale m'pepala la pulasitiki m'chikwama, poti nkhungu ya kumeneko siodira. Mu Okutobala mdani amasintha, amakhala fumbi.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri tikugula makamera ogwirapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwa ngati mwayesa. Unikani m'lenzi ndi tochi ya foni kufuna chuku ndi mikwingwirima. Tsekani lenzi, jambulani mdimawo, muone ngati pali kadontho kowala kosasuntha: chimenecho ndi chizindikiro choti sensa ili ndi vuto. Kokani zumu pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena, mumve ngati ikugwiragwira. Gwedezani kachitseko ka sikirini. Lowetsani nthambo m'bowo lililonse. Makamera a Sony a mtundu wa NX amaonetsa m'menyu maola onse amene agwira ntchito. Wogulitsa akati "yangogwira maukwati awiri", nambala imeneyo ikuuzani zoona. Ngati akukugulirani ndi m'bale wanu ku Joni, akutumizireni kanema wojambulidwa ndi kamerayo, osati zithunzi za bokosi, ndipo msonkho wa pachipata muuwerengeretu. Ndalama zonse zisathere pa kamera. Siyani gawo limodzi mwa atatu la miyendo yoimikira kamera yolimba, mayikolofoni, nthambo yaitali, mabatire ndi makhadi.

Anyamata a masiku ano amakonda makamera a zithunzi osintha malenzi, chifukwa amafafaniza kumbuyo n'kupereka maonekedwe a filimu. Pa vidiyo ya nyimbo, pomwe woimba angabwereze kakhumi, amachitadi zodabwitsa. Pa mwambo wa maola asanu nkhani ndi ina: akale ambiri amaima okha mphindi 30 zikamakwana, ena amatentha n'kuzima, ndipo XLR ndi yogula padera.

Ndiye nditati ndisankhe lero: wa maukwati ndi makwaya atenge NX100 yosamalidwa bwino, chifukwa cha sensa yake, XLR ndi mabatire opezeka. Wojambula mipira, misonkhano ndi magule a pabwalo atenge XA11 kapena X2000, chifukwa cha zumu. Tsiku logula nyamulani mahedifoni anu ndi khadi yanu, mulowe ndi kamerayo m'chipinda cha mdima, ijambule ola lathunthu osaima, kenako mukaonere ndi kumvera pa kompyuta. Wogulitsa akakana ola limenelo, bwererani ndi ndalama zanu.