Mukakwera keke, tetezani thupi ndi mpamba womwe

Njinga zamoto za matayala atatu, zomwe ambiri amazitcha keke kapena bajaj, zazika mizu m'misewu ya Lilongwe, ndipo mavenda ali m'gulu la anthu amene amazikwera tsiku ndi tsiku. Zimalowa m'tinjira momwe minibasi sifika, zimanyamula katundu amene wakabaza sangamuthe, komanso zimakutsitsani pafupi ndi benchi yanu. Koma amene waoda tomato ku Wakawaka n'kukafika ku Kawale dengu litaphwanyika pansi amadziwa kuti ulendo waufupi ukhoza kudya phindu la tsiku lonse. Nthawi zambiri vuto limakhala kakhalidwe ka wokwera ndi kaikidwe ka katundu.

Keke ili ndi tayala limodzi kutsogolo ndi awiri kumbuyo. Ili ngati mphika pa mafuwa atatu: kulemera kukakhala pakati, mphika umakhazikika, koma kukapita mbali imodzi umagubuduka. Choncho katundu wolemera, monga thumba la chimanga la makilogalamu 50, ayenera kukhala pansi ndi pakati, kutsogolo kwa mpando. Mukamuunjika pamwamba kapena kumumangirira padenga, keke imalemera kumutu ndipo sichedwa kunyamula tayala limodzi pakona.

Anthu ozolowera kabaza amalakwitsa chinthu chimodzi. Njinga ya matayala awiri imapendekeka yokha ikamakhota, wokwera n'kungoitsatira. Keke simapendekeka chotero, ndiye thupi lanu limakankhidwira kunja kwa kona. Chofunika n'kupendekera pang'ono mbali imene keke ikukhotera. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, kotero pa raundabauti keke imazungulira cha kumanja ndipo inu mumaponyedwa kumanzere, komwe ndi khomo lotsegula. Apo ndi pamene madengu amagwera mumsewu. Mukaona raundabauti patsogolo, pondani zolimba ndipo panani dengu ndi miyendo.

Khalani msana utatsamira kumpando, mapazi onse awiri ali pansi motalikirana pang'ono. Gwirani chitsulo chimene chili kumbuyo kwa dalaivala, osati chitsulo cha m'mbali pomwe zala zimatulukira kunja, chifukwa galimoto kapena njinga yodutsa pafupi ikhoza kuzikhula. Musaumitse manja, zigongono zikhale zopindika pang'ono kuti dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi musamenye mano pachitsulo. Ngati muli nokha, khalani pakati. Ngati muli awiri, wina uku wina uko, katundu pakati panu.

Matayala a keke ndi aang'ono, ndipo mpando wa okwera uli pafupifupi pamwamba pa matayala akumbuyo. N'chifukwa chake dzenje lililonse ndi bampu iliyonse imamveka m'chiuno. Yang'anani msewu pamodzi ndi dalaivala, ndipo bampu ikayandikira, kankhani pansi ndi mapazi kuti miyendo ilandire kugwedezekako m'malo mwa msana. Chitenje chopinda kanayi chimathandiza pampando wouma, makamaka kwa amene amakwera kangapo pa tsiku.

Katundu wosweka ali ndi malamulo ake. Thireyi ya mazira 30 siyenera kugona pansi pachitsulo. Ikani mathireyi pamiyendo, atamangidwa pamodzi ndi chingwe, popeza ntchafu zimachepetsa kugunda. Tomato wakupsa akhale pamwamba pa dengu, wosapsa kwenikweni pansi. Zigubu za mafuta ophikira ziime chilili, zitsekerero zitamangidwa bwino.

Palinso nkhani ya kutentha. Keke zambiri za mtundu wa Bajaj RE ndi TVS King, zomwe zimapangidwa ku India, zili ndi injini kumbuyo, kunsi kwa kamalo koikapo katundu kuseri kwa mpando. Malowo amafunda ulendo ukatalika. Nsomba zaziwisi, masamba ndi mafiliziski musaziike pamenepo. Pasungireni zinthu zouma monga nyemba, sopo kapena kaunjika.

Amayi, kulungani chitenje ndi mpango musanakhale, kuti pasakhale nsonga yolendewera kunja pafupi ndi tayala. Mwana wakumbuyo mumutembenuzire kutsogolo, chifukwa mukatsamira kumpando ali kumsana ndiye amene amalandira kugunda konse. Ndipo popeza keke ilibe zitseko, foni ndi kachikwama ka ndalama zikhale m'kati mwa zovala, makamaka pa mdipiti wa magalimoto pomwe keke imayenda pang'onopang'ono ndipo dzanja la wakuba limafika mosavuta.

Mpando wakumbuyo unapangidwira anthu atatu. Dalaivala akafuna kuwonjezera wachinayi, kapena kukhazika munthu pambali pake, kanani. Munthu wokhala kutsogolo amatchinga mkono wa dalaivala pokhotetsa chiwongolero, ndipo amaonjezera kulemera mbali imodzi ya tayala lomwe lili lokha. Ngati katundu wanu ndi wambiri, ndi bwino kulipirira mpando wina kapena kuchita hayala mogwirizana ndi mnzanu wa mumsika womwewo. Ndalama yoonjezerayo ndi yochepa poyerekeza ndi dengu lotayika kapena masiku amene benchi idzakhale yotseka inu muli kuchipatala.

Gwirizanani mtengo wa inu ndi wa katundu musanakweze chilichonse, kuti pasakhale mkangano potsika. Onaninso ngati matayala sanathe mapanga, ndipo nyengo ya mvula funsani ngati zotchinga za m'mbali zilipo, poti ufa, shuga ndi mchere zikanyowa sizibwereranso. Dalaivala akamathamanga, muuzeni mwaulemu koma mosazengereza kuti, "Achimwene, chepetsaniko liwiro, ndanyamula mazira." Mwalipira ndinu.

Pofika, dikirani keke iime kaye, ndipo tsikirani kumanzere, kutali ndi magalimoto odutsa. Tsitsani katundu yense, muwerenge, kenako mulipire. Mukapeza dalaivala woyendetsa modekha, sungani nambala yake. Wamalonda amasunga kasitomala wabwino, ndipo dalaivala amene amafikitsa mazira onse 30 osasweka ngwofunika kumusunga chimodzimodzi.