Mau a Cingelezi Onena za Cisangalalo

Ana inu, Cingelezi ciri ndi mau ambiri onena za cisangalalo, koma matanthauzo ace ndi osiyana. Munthu amene ali "merry" ndiye wokondwa ndi woseka pakati pa anzace. Ndico cifukwa cace timati "Merry Christmas". "Revelry" ndico cisangalalo caphokoso, ca ng'oma, kubvina ndi mowa usiku wonse. Liuli linacokera ku Cifalansa cakale, ndipo muzu wace ndi umodzi ndi "rebel", ndiye woukira. "Carefree" ndiye wopanda nkhawa mumtima. Tsono cenjerani, pakuti "careless" ndiye wosasamala. Mukalemba m'kalata kuti mnzanu ali "carefree", simunamlakwire. Mukalemba "careless", mwamnyoza. Aphunzitsi, lembani mau anaiwa pabolodi, ana apange nao ziganizo.