Kodi wodya mandasi alibe pakamwa podandaula za mitengo?

Pali mawu amene afala masiku ano m'minibasi, pa wailesi, ngakhale pamaliro amuna akakhala pansi pa mtengo kudikira mwambo. Wina akangoti zinthu zadula, mnzake amamudula pakamwa: "Zadula bwanji pomwe anthu akudya tchipisi? Pitani pamsika mukaone, kanyenya akutha dzuwa lisanalowe. Ndalama anthu ali nazo, kungoti Amalawi timakonda kulira." Onse amaseka, wodandaula uja n'kukhala chete mwamanyazi.

Ine mawuwa sandiseketsa. Amayi anga kwawo ndi kwa Nyachikadza, m'boma la Nsanje, ndipo abale anga ambiri ali komweko mpaka lero. Ndikamva munthu akuti wogula Fanta sayenera kudandaula, ndimaganiza za iwowo, chifukwa Fanta amagula ndithu, komanso kudandaula amadandaula, ndipo sindiona bodza pa ziwirizi.

Kwa amene simunafikeko, dera la Mfumu Nyachikadza lili m'dambo la Ndindi, kumunsi kwenikweni kwa chigwa cha Shire, kumalire ndi Mozambique. Kufikako n'kukwera bwato. Sopo, mchere, mafuta ophikira ndi shuga zikachoka ku Blantyre zimatsika mapiri kudzera ku Chikwawa, Nchalo ndi Bangula mpaka pa boma la Nsanje. Kuchoka apo zimakwera njinga kukafika padoko, kenako bwato, kenako pamutu pa munthu. Aliyense wonyamula amaikapo yake. Mafuta a galimoto akakwera mtengo kamodzi mu Lilongwe, pofika kwathu mtengowo umakhala utabereka kale ana ndi zidzukulu.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Pakati pa zigwetso ziwirizi, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anakokolola minda ndi nyumba m'chigawo cha kummwera. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, moti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Thumba la chimanga la makilogalamu 50, limene mu 2021 unkaligula ndi ndalama yosakwana K10,000, kumayambiriro kwa 2025 linafika pa K100,000 m'misika ina.

Tsono tiyerekeze kuti mandasi amodzi ndi K200. Kusiyana kwa mitengo iwiri ya thumba lija ndi K90,000, kapena kuti mandasi 450. Mayi amene amadya mandasi amodzi tsiku lililonse atati aleke lero, zingamutengere chaka ndi miyezi itatu kuti atseke mpata wa thumba limodzi, pomwe banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi thumbalo limatha m'mwezi umodzi. Ndipo kwa Nyachikadza palibe amene amadya mandasi tsiku lililonse. Amadya tsiku la msika, tsiku limene wagulitsa nsomba, tsiku logawana za banki mkhonde.

Apa ndiye pagona nkhani. Ndalama ya zokomera pakamwa ndi ndalama ya moyo n'zosiyana msinkhu. Wouza mlimi kuti asiye tiyi wamkaka kuti akwanitse chimanga, fizi ya mwana wa kusekondale ndi bwato lopita kuchipatala, masamu sanawerenge. Wangoona chimene chili m'manja mwa mnzake, osaona chimene chasowa m'nkhokwe mwake.

Zimene ndinaona padoko

Amayi anga aang'ono amalima mbatata ndi chimanga cha kudimba madzi akaphwa. Tsiku lina mwezi wa Okutobala, nyengo imene kutentha kwa kuchigwa kumapyola madigiri 40, anaoloka ndi matumba a mbatata kudzagulitsa kumtunda. Anali atadzuka tambala woyamba asanalire. Ogula opikulitsa anawatsitsa mtengo mpaka anangololera, poti mbatata sungabwerere nayo pabwato. Atalandira ndalama anamasula mfundo ya chitenje, n'kuyamba kuigawa pamwendo: iyi ya mchere ndi sopo, iyi ya mwini bwato, iyi ya ngongole ya kubanki mkhonde, iyi ya makope a mdzukulu. Inatsala yochepa. Anayang'ana kanthawi, kenako anandituma Fanta wozizira ndi mandasi awiri. Amodzi anadya, enawo anakulunga m'pepala kuti akapatse mdzukulu.

Pafupi panakhala bambo wina wovala shati yosita, chikwama cha mapepala pamiyendo, akudikira bwato lomwelo. Anali atamva amayi akudandaula za mtengo wa mafuta ophikira, ndipo anati moseka: "Amayi, si inu mumati zinthu zadula? Nanga Fanta mwamutola?"

Amayi sanakwiye. Anameza, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Bambo, mbatata ija ndalima ndine, ndasenza ndine. Ndikafika kunyumba ndikadya nsima ya therere ngati dzulo ndi dzana. Kodi mukufuna ndizidandaula kukhosi kuli gwa kuti mundikhulupirire?"

Bamboyo anaseka n'kuyang'ana kumadzi. Sindikuganiza kuti anali munthu woipa mtima. Anangonena zimene ambiri timanena, poganiza kuti umphawi weniweni uyenera kuoneka ndi maso nthawi zonse, ndipo wosauka akangomwetulira ndiye kuti amanama.

Chifukwa chiyani osangosunga?

Akuluakulu anati sunga khosi mkanda uoneka, ndipo mawuwa ndi oona kumene kusunga kuli ndi phindu. Koma taganizani za munthu wa kwa Nyachikadza. Akasunga ndalama m'nyumba, mitengo ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka monga zinalili mu 2024, K10,000 ya Januwale pofika Disembala yafooka. Akasunga mwa mbuzi, nkhuku kapena chimanga, pali madzi. Anasefukira mu Januwale 2015, anabweranso mu Malichi 2019 ndi namondwe Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, kenako Freddy. Munthu amene waona nkhokwe yake ikuyandama kangapo m'zaka khumi amamvetsa bwino mwambi wina uja, wakuti papsa tonola sudziwa mtima wa moto. Sikuti sasunga. Amasunga ndithu, n'chifukwa chake mabanki mkhonde ali ponseponse. Koma amadziwanso kuti kudzimana chilichonse lero sikumutsimikizira za mawa.

Komanso anthu akwathu njala amaidziwa kuposa amene amawalangiza. Chaka chikavuta amalowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'madzi momwe muli ng'ona. Amaiphika, ana n'kudya, m'mimba n'kungodzaza. Munthu amene wadya nyika mwezi wathunthu akapeza kandalama n'kugula shuga wa tiyi, simungamuphunzitse kuti chakudya chofunika n'chiti. Ndipo shugayo amalimidwa m'chigwa chomwechi, ku Nchalo, koma mu 2024 anasowa m'masitolo mpaka anthu kumaima pamizere. Chimene makolo athu ankachiyesa chinthu wamba cha m'mawa, lero chalowa m'gulu la zinthu zimene munthu amafunsidwa nazo mafunso.

Nkhaniyi si ya kuno kokha. Akatswiri a zachuma Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019, analemba m'buku lawo la 2011 lotchedwa Poor Economics za bambo wina wa m'mudzi ku Morocco amene banja lake chakudya chinali chosakwanira koma m'nyumba anali ndi wailesi yakanema. Iwo anapeza kuti m'maiko ambiri osauka akapeza kandalama koonjezera sathamangira kugula chakudya chambiri chokhutitsa, koma chokomako pang'ono, kapena chinthu chochotsa kunyong'onyeka. Moyo wa kumudzi masiku ake amafanana, ntchito ndi yolemetsa, ndipo munthu amafuna kanthu koti aziyembekezera. Mnyamata amene wapalasa bwato tsiku lonse akalipira kandalama kukaonera mpira wa ku England pa kanema wa sola, wagula maola awiri oiwala mapewa ake.

Tisaiwalenso amene ali mbali inayo ya beseni. Wokazinga mandasi ndi mayi wamasiye wa m'mudzi momwemo. Wowotcha kanyenya ndi mnyamata amene sukulu inamukanika chifukwa cha fizi. Wogulitsa thobwa, zitumbuwa ndi zigege akusaka ya mchere ngati wina aliyense. Titati tonse timvere malangizo aja n'kusiya kugula, oyamba kugona ndi njala ndi iwowa. Ndipo mukawafunsa adzakuuzani kuti mandasi a lero achepa msinkhu, chifukwa ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta zonse zakwera. Mandasi amene akunenedwa kuti ndi umboni wakuti zinthu zili bwino, iwo eni akuchitira umboni kuti zinthu zadula.

Pamene odzudzula akunena zoona

Sindikufuna kunamizira kuti ndalama iliyonse imene wosauka wawononga yapita pabwino. Kwathu kuli mabanja amene asweka chifukwa cha kachasu. Kuli abambo amene amagulitsa nsomba m'mawa, madzulo n'kubwera chimanjamanja akudzandira, ana atagona ndi njala. Masiku ano kwabweranso kubetcha mpira pa foni, kumene kukudya ndalama za anyamata mwakachetechete. Zimenezi si zokomera pakamwa ayi. Kusiyana kwake n'koonekeratu: amayi anga aang'ono anayamba agawa za mchere, ngongole ndi makope, n'kudzisangalatsa ndi zotsala. Chidakwa chimayamba ndi botolo, banja n'kulandira zotsala ngati zilipo. Woteroyo mkazi wake, ankhoswe ndi anyakwawa ali ndi ufulu wonse womukhazika pansi.

Koma ngakhale chidakwacho chikanena kuti chimanga chadula, sichinaname. Mtengo wa thumba susintha chifukwa cha khalidwe la wounena. Ndipo kutenga zidakwa zochepa n'kuweruza nazo mudzi wonse ndi ulesi wa maganizo. Timazimva kawirikawiri za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006: akuti olandira amangothera ndalama ku mowa ndi nyama. Mu 2014 David Evans ndi Anna Popova a ku World Bank anaunika kafukufuku 19 wa m'maiko a mu Africa, Asia ndi Latin America pofuna kuona ngati ndalama zothandizira osauka zimachulukitsa kugula mowa ndi fodya. Anapeza kuti sizitero, ndipo malo ambiri kugulako kunatsika. Agogo amene agula kanyama ka theka la kilo tsiku lolandira amaoneka ndi aliyense pamsika. Yunifolomu, mbewu ndi malata zimene agula ndi ndalama yotsalayo palibe amaziwerenga.

Anthu a kwa Nyachikadza kalankhulidwe aka anakazolowera kalekale pa nkhani ina. Kuyambira madzi osefukira a 1997, boma lakhala likuwauza kuti asamukire kumtunda, ndipo ambiri akhala akukana. Madzi akabwera, mawu amamveka m'tauni ndi akuti, "Anakana okha kusamuka, asatilirire." Koma funsani chifukwa chake. Dothi la m'dambo limabereka popanda feteleza, madzi akaphwa amalima chimanga, nyemba ndi mbatata pomwe kumtunda kuli fumbi lokhalokha, ndipo nsomba zili pakhomo. Kumtunda akakhala alendo pamalo a eni, opanda munda. Mukhoza kutsutsana nawo, ndipo zoopsa za madzi n'zenizeni, koma anawerengera. Wonena kuti wokana kusamuka asalire ndi wonena kuti wogula Fanta asalire akuchita chinthu chimodzi: akufuna wovutika ayambe wapambana mayeso a khalidwe asanamvedwe.

Mayeso amenewa sitiwapereka kwa aliyense. Wa pantchito m'tauni akadandaula za mtengo wa petulo atanyamula botolo la mowa Lachisanu madzulo, timati akupumula. Ogulitsa kaunjika atayenda m'misewu ya Lilongwe mu Febuluwale 2025 kudandaula za kukwera kwa mabelo, nkhani inali mitengo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025 kudula kwa zinthu kunali pakamwa pa aliyense. Palibe anafunsidwa pakhomo la chipinda chovotera ngati anadya tchipisi sabata imeneyo.

Kudandaula kwa anthu wamba ndi njira imodzi imene olamulira amadziwira kuti ndondomeko zawo zikufika bwanji kumudzi. Tikamatsekana pakamwa tokhatokha chifukwa cha mandasi, tikuthandiza amene anayenera kuyankha mafunso ovuta kuti asafunsidwe. Mayi wa kwa Nyachikadza akati zinthu zadula, mafunso oyenera alipo ambiri. Mbatata yake akumugula pa mtengo wanji, ndipo wopikulitsa akukaigulitsa zingati ku Blantyre? Chimanga chotsika mtengo chikufika pamsika uti, ndipo iye kuti akafikeko alipira bwato ndi njinga zingati? Mwana akadwala usiku, ndalama yowolokera aitenga kuti? Amene ali ndi mayankho a zimenezi abwere tikambirane, ndipo ngati akambirana nafe nthawi yaitali, tiyi ndi mandasi tidzawagulira ndife.